Kunja LOCK, m'kati FREE: habu imene inatigoneka m'dambo ku Kasungu

Ndili Fomu 3 ndinakalipiridwa pa mlandu umene sindinapalamule, ndipo amene anandichotsa pa mlanduwo ndi Fizikisi.

Unali mwezi wa February, nyengo yothyola fodya. Atsibweni anga ankayendetsa Land Cruiser yakale ya bokosi kumbuyo pa esiteti ina chakumadzulo kwa Kasungu boma, ndipo Loweruka lililonse ine ndinkakhala wothandizira wawo. Amene mwakulira m'chidikha cha Kasungu mukudziwa mmene dziko lathu lakhalira: lathyathyathya ngati mphasa, dothi lake lamchenga, koma ukayenda makilomita angapo umangopeza dambo lakutchinga kutsogolo. Madambo amenewa ndiwo amamwetsa mitsinje ngati Bua, Rusa, Dwangwa ndi Lingadzi. M'chilimwe dambo ndi msewu wabwinobwino. M'dzinja ndi phala.

Munda unali tsidya lina la dambo, mabalani ochizira fodya anali tsidya lino. M'mawa tinawoloka kawiri popanda vuto. Masana kunagwa chimvula. Pa ulendo wachitatu, titadzaza masamba, atsibweni anaimika galimoto m'mbali mwa dambo nkunena kuti, "Iwe, tsika ukaloke mahabu." Ndinatsika, ndinatembenuza timabatani tija tili pakati pa matayala akutsogolo kuchoka pa FREE kufika pa LOCK, kumanja ndi kumanzere. Iwo anakoka giya yaing'ono ija kuika pa L4, tinalowa. Pakati pa dambo galimoto inaima. Matayala akumbuyo ankazungulira nkumaponya matope kumwamba, akutsogolo ali phee, ngati nkhaniyo siikuwakhudza.

"Waloka zoona iwe, kapena maganizo ali ku mpira?"

Anatsika okha, anayang'ana. Onse awiri anali pa LOCK. Komabe mlandu unakhala wanga, akuti ndinatembenuza mwaulesi. Kunja kunkada, ndipo fodya wothyola sadikira munthu: masamba akaunjikana nthawi yaitali amatenthana, amathimbirira, ndipo tsamba lothimbirira limakagwa giredi pa okushoni, kaya ku Chinkhoma kaya ku Kanengo. Ndi thukuta la anthu la kuyambira ku nazale mu September. Chinatipulumutsa ndi ngolo ziwiri za ng'ombe za m'mudzi woyandikana nawo. Galimoto inagona pomwepo mpaka thirakitala inabwera m'mawa mwake.

Ndiye funso ndi ili: zimatheka bwanji kuti kabatani kakunena kuti LOCK, giya ili pa L4, injini ikulira bwinobwino, koma matayala akutsogolo sakukoka?

Ulendo wa mphamvu

Tiyeni titsatire mphamvu kuchokera pamene imabadwira. Injini imazunguza shafiti, ndipo mphamvu yopotokola imeneyi ndi yomwe ija ku kalasi mumaitcha moment, akatswiri a galimoto amati torque. Imalowa mu gearbox, kenako mu kabokosi kena kotchedwa transfer case, kamene kamalamulidwa ndi giya yaing'ono ija. Pa H2, kabokosika kamatumiza mphamvu kumbuyo kokha. Pa H4 kapena L4 kamamangirira propshaft yakutsogolo ku yakumbuyo kuti zizizungulira limodzi. Propshaft yakutsogolo imazunguza difu yakutsogolo, difuyo imazunguza mashafiti awiri, ina kumanja ina kumanzere. Shafiti iliyonse ili ndi mfundo yopindika, CV joint, kuti tayala lizitha kukhota uku likukokedwa.

Tsono apa ndi pamene ambiri sadziwa. Shafiti ija siinamangidwe ku tayala ayi. Imangodutsa m'kati mwa chitsulo chobooka chimene tayala limazungulirapo pa mabering'i, nkutulukira kunja. Chimene chimagwirizanitsa nsonga ya shafitiyo ndi tayala ndi habu yoloka ija. Mphamvu yayenda ulendo wonsewu, koma mlatho womaliza ndi kachitsulo kosaposa chikho cha tiyi kukula kwake.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji osangomangirira kamodzinkamodzi? Ganizirani galimoto ikuyenda pa M1 kuchokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe, ili pa H2. Matayala akutsogolo akanakhala omangirira, bwenzi iwowo akuzunguza mashafiti, difu ndi propshaft ulendo wonsewo popanda phindu: zitsulo zikudyeka, phokoso, ndi kadizilo pang'ono kakupsa pachabe chifukwa cha friction. Mukaika pa FREE, tayala limazungulira lokha, zitsulo zonsezo zili mtulo. Nzeru imeneyi siyatsopano. Mu 1948 munthu wina wa ku America, Arthur Warn, anayamba kupanga mahabu omasula matayala akutsogolo a ma Jeep amene anatsala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo kampani ya dzina lake ilipo mpaka lero. Mahabu ambiri amene mumaona pa Toyota zakale kuno kwathu ndi a kampani ya ku Japan ya Aisin.

Musasokoneze ndi filiwilo ya njinga. Filiwilo imagwira mbali imodzi nkumasula mbali inayo, nchifukwa chake wakabaza amatha kusiya kupalasa pamtsetse. Habu yoloka ikagwira imagwira mbali zonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ikamasula imamasuliratu.

Zimene zili m'kati

Mukatsegula habu mumapeza zinthu zochepa kwambiri, mpaka kudabwa. Pali giya yaing'ono yovekedwa pa nsonga ya shafiti, imazungulira ndi shafitiyo. Pali thupi la habu, lomangidwa ku tayala ndi mabauti, lokhala ndi mano m'kati mwake. Pakati pa ziwirizi pali mpata, sizikhudzana mano. Ndiye pali mphete yachitsulo yokhala ndi mano m'kati ndi kunja komwe. Mano ake akunja amakhala olowa m'mano a thupi la habu nthawi zonse, koma mpheteyo imatha kutsetsereka kulowa m'kati kapena kubwerera kunja. Ikalowa, mano ake am'kati amavala giya ya pa shafiti ija, ndiye kuti shafiti, mphete ndi tayala zasanduka chinthu chimodzi. Ikabwerera, mgwirizano watha.

Chinsinsi cha mlandu wanga chili apa: kabatani kamene mumatembenuza ndi dzanja sikakankha mpheteyo mwachindunji. Kamangomasula njira kuti sipuling'i ikankhe. Chifukwa chake nchomveka. Nthawi imene mwaimika galimoto, mano a mphete ndi mano a giya sakhala atayang'anizana bwino nthawi zonse, mwina dzino lagundana ndi dzino linzake. Dzanja likanati lizikankha mwamphamvu, kabatani kakanakana kutembenuka kapena china chake chikanathyoka. M'malo mwake sipuling'i imakhala yofinyika, yasunga mphamvu ija mumaitcha elastic potential energy, ikudikira. Tayala likangogudubuzika pang'ono, mano amayang'anizana, mphete nkulowa kuti tcha!

Mwaona tsono? Mawu oti LOCK akungokuuzani kumene kabatani kaloza. Sakukuuzani kumene mphete ili. Ndipo sipuling'iyo siyamphamvu kwenikweni, mutha kuifinya ndi zala. Chilichonse chimene chingagwire mphete mwamphamvu kuposa sipuling'i, kaya dzimbiri, kaya matope, kaya girisi wouma, chapambana.

Habu imodzi ikafa, inzake imalira nayo maliro

Atsibweni ankati sizingatheke mahabu onse awiri kufa tsiku limodzi, choncho vuto ndi wotembenuza. Pa theka loyamba la mfundoyo ankanena zoona. Koma sipafunika kuti afe onse awiri. Imodzi ndi yokwanira, ndipo wochititsa ndi difu.

Ntchito ya difu ndi kulola kuti matayala awiri a ekiselo imodzi azizungulira pa liwiro losiyana pokhota, chifukwa lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati. Difu wamba imachita zimenezi potsata lamulo limodzi losasintha: torque imene ikupita kumanja ndi yofanana ndi imene ikupita kumanzere. Liwiro litha kusiyana, torque ayi.

Yesani izi. Tengani pulley, dutsitsanipo chingwe, mumangirire ndowa yamadzi ku nsonga iliyonse. Mukakweza pulley m'mwamba, ndowa zonse ziwiri zinyamuka, chifukwa chingwe chakungika mofanana mbali zonse. Tsopano masulani ndowa imodzi, mukwezenso. Chingwe chingosololoka, ndowa yotsalayo siisuntha ngakhale pang'ono, ndipo nsonga yomasuka ija ithamanga kawiri liwiro la dzanja lanu. Chingwe sichingakungike mbali imodzi pamene mbali inayo palibe chochigwira.

Ndi mmenenso difu imachitira. Habu yakumanja ikapanda kugwira, shafiti yakumanja imangozungulira m'kati mopanda choiletsa, kawiri liwiro lake la nthawi zonse. Torque yofunika kuizunguza ndi pafupifupi ziro. Ndiye tayala lakumanzere, lokhala ndi habu yabwinobwino, limalandiranso pafupifupi ziro. Galimoto ya matayala anayi okoka yasanduka ya awiri, dalaivala osadziwa, mpaka dambo limuuze.

Mmene makaniko anaupezera mlandu

Lolemba ndinajomba kusukulu, ndivomere, kuti ndikaone galimoto ikutsegulidwa. Makaniko wake anali bambo wachikulire amene sanapite patali ndi sukulu, koma zimene anachita ndi ndendende zimene aphunzitsi a sayansi amatiuza: sintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ona zotsatira.

Galimoto ili pamalo athyathyathya, injini yozimitsa, miyala ili kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Choyamba anaika H4, mahabu pa FREE, nkuyesa kupotokola propshaft yakutsogolo ndi dzanja. Inakana. Ndiye kuti transfer case ikugwira, yamangiriradi kutsogolo ku matayala akumbuyo amene aponda pansi. Wokayikiridwa woyamba wamasulidwa.

Chachiwiri anabwezera pa H2, nkuloka mahabu onse awiri. Tsopano propshaft yamasuka ku transfer case, koma iyenera kugwidwa ndi matayala akutsogolo kudzera mu difu. Anapotokola. Inazungulira, inazungulira, osaima. Ndiye kuti penapake pakati pa difu ndi matayala pali podukira.

Chachitatu anakweza tayala lakumanzere ndi jeke, nkuika chitsa pansi pa ekiselo, poti jeke yokha siyoikhulupirira. Anazunguza tayala ndi dzanja pa FREE: lopepuka. Anaika pa LOCK: kunamveka tcha, tayala linalemerako, magiya akumveka kuyenda m'kati. Anapita kumanja. Pa FREE lopepuka. Pa LOCK lopepuka chimodzimodzi, popanda tcha. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Mwana wakeyu alibe mlandu, achimwene."

Dziwani kuti pa sitepe imeneyi anali asanatsimikize kuti ndi habu. CV joint yosweka kapena shafiti yoduka ikanapatsanso zizindikiro zofananako. Koma munthu wanzeru amayamba ndi chimene chili chapafupi ndi chotchipa, ndipo chivundikiro cha habu chimangofuna kumasula timabauti 6.

Chimene chinatuluka m'menemo sichinali girisi. Linali phala lofiirira, lolimba ngati chiponde chogonera, losakanikirana ndi mchenga. Mphete inali itamatirira kunja, pa malo a FREE, sipuling'i ili kumbuyo kwake ikukankha pachabe.

Madzi analowa bwanji?

Funso limeneli linandivutitsa zaka, chifukwa habu imaoneka yotsekeka ndithu. Pali gasiketi yapepala pansi pa chivundikiro, ina pansi pa thupi la habu, ndi kamphete karabala kozungulira kabatani. Zimenezi zikakalamba zimauma nkung'aluka, zoona. Koma palinso china chimene chimathandiza madzi kulowa, ndipo chili m'buku lanu la Fizikisi pa mutu wa malamulo a mpweya.

Galimoto ikamayenda, mabuleki ndi mabering'i amatenthetsa habu, mpweya wam'kati nawo umatentha, wina nkuthawira kunja kudzera m'timing'alu. Kenako mwalowa m'madzi ozizira a m'dambo. Tiyerekeze kuti mpweyawo unali pa 60°C, ndiye kuti 333 K, ndipo wazizira kufika pa 20°C, ndiye kuti 293 K. Malo ake sanasinthe, choncho pressure imatsika molingana ndi temperature: 293 kugawa ndi 333 ndi 0.88. Pressure yam'kati yatsika ndi magawo 12 pa 100 alionse. Yakunja siinasinthe, ndiye imakankhira m'kati chilichonse chimene chili pakhomo la mng'alu. Chili pakhomopo ndi madzi amatope. Habu imamwa ngati mwana akuyamwa ndi kapaipi.

Zotsatira zake ndi Chemistry: chitsulo, madzi ndi oxygen zimabala dzimbiri. Ndipo dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene lachokerako, choncho kampata kakang'ono kamene mphete imatsetserekamo kamatsekeka. Onjezani miyezi ya chilimwe, kuyambira May mpaka November, imene palibe amene amakhudza mahabu chifukwa misewu ndi youma. Mphete imakhala malo amodzi theka la chaka, dzimbiri likumanga maziko. Nchifukwa chake mabuku a eni galimoto a Toyota zoterezi amalangiza kuyenda makilomita osachepera 16 mwezi uliwonse mahabu ali pa LOCK, ngakhale giya ili pa H2, kuti zitsulo zakutsogolo zizunguzike ndi kudzola mafuta.

Panalinso china. Makaniko anafunsa kuti, "Anadzaza girisi chonchi ndani?" Atsibweni anayang'ana kumbali. Iwo ankaganiza kuti girisi akachuluka ndiye chitetezo. Pa mabering'i a tayala girisi amafunikadi wokwanira. Koma mu habu yoloka, girisi wambiri ndi mdani: ndi wonanda, mphete iyenera kumukankha kuti idutse, ndipo sipuling'i ilibe mphamvu zoterozo, makamaka m'mawa wozizira wa June. Amangofunika wopaka pang'ono, kuti mano anyezimire basi.

Kukonza kapena kugula ina?

Bamboyo anatsuka zonse ndi parafini ndi mswachi wakale, nkuziyala pa thumba kuti ziume. Kenako anatenga mphete nkuiyang'anitsitsa padzuwa. Ankafuna kuona mano. Dzino labwino limakhala ndi m'mbali mowongoka. Dzino lodyeka limakhala lozungulira kunsonga, ndipo lotero likalandira katundu limasanduka ngati inclined plane: gawo lina la mphamvu limakankhira mphete kunja, habu nkumamasuka yokha pakati pa matope ndi phokoso loti gwe-gwe-gwe. Habu yofika pamenepo kuitsuka nkutaya nthawi. Chimodzimodzi ngati thupi lake lang'aluka kapena mabowo a mabauti akula. Koma ngati vuto ndi litsiro, dzimbiri lapamwamba, gasiketi kapena karabala, kugula yatsopano nkuwononga ndalama. Yathu mano anali bwino.

Pochotsa thupi la habu pali kamsampha kamene kamagwira ophunzira umakaniko ambiri. Pansi pa manati 6 aja pali timawashala tooneka ngati kansonga ka fanulo, tolowa m'mabowo mothina. Ukamasula manati habu imakanabe kutuluka, ndipo wosadziwa amayamba kutema ndi tchizulo. Makaniko wathu anangoika kachitsulo kofewa ka brass pa mutu wa bauti, nkumenya ndi hamala pang'onopang'ono, timawashala tija nkumadumpha tokha. Pa nsonga ya shafiti palinso kamphete kotsekera kofuna pulayala yake. Kumbuyo kwa zonsezi kuli manati aakulu a mabering'i a tayala, amenewo si oseweretsa, ali ndi muyeso wake.

Timawashala timeneti tili ndi ntchito yaikulu, ndipo masamu atithandiza kuiona. Manambala awa ndi ongoyerekeza koma sali kutali ndi zenizeni. Tayala limodzi lakutsogolo lisenze makilogalamu 600, ndiye kuti 6,000 N. Pa nthaka yogwira bwino litha kukoka ndi magawo 6 pa 10 a kulemerako lisanaterereke: 3,600 N. Kuchokera pakati pa tayala kufika pansi ndi 0.4 m, choncho moment ndi 3,600 kuchulukitsa ndi 0.4, yomwe ndi 1,440 N m. Moment yomweyo iyenera kudutsa pa mabauti amene ali pafupifupi 0.05 m kuchokera pakati. Gawani: 1,440 kugawa ndi 0.05 ndi 28,800 N. Pa mabauti 6, lililonse 4,800 N. Kumeneko nkukoleka matumba a feteleza a makilogalamu 50 pafupifupi 10 pa kabauti konenepa ngati pensulo. Manati akamangidwa bwino, nkhope ziwiri zachitsulo zimafinyana ndipo friction imasenzako gawo lalikulu, timawashala tija nkutseka mpata wonse kuti pasakhale kugwedera. Akakhwepa, habu imayamba kumenya mabauti uku ndi uku nthawi iliyonse dalaivala akaponda kapena kusiya moto. Pindani waya kambirimbiri malo amodzi muone chimene chimachitika. Ku habu yathu yakumanzere, ija inali "yabwino", makaniko anapeza manati awiri okhwepa. Dambo likanapanda kutigwira tsiku lija, tikanadzagwidwa ndi zimenezo tsiku lina.

Kumanga kopitirira nakonso ndi vuto. Timabauti ta chivundikiro nta ting'onoting'ono, ndipo buku la Toyota zambiri zakale limapereka pafupifupi 10 N m basi. Pa sipanala ya 20 cm imeneyo ndi 50 N, kulemera kwa chigubu cha malita 5 a madzi. Mnyamata wa mphamvu za nsima akakoka ndi thupi lonse, mutu wa bauti umatsala m'manja. Pobwezera chivundikiro kabatani kayenera kukhala pa FREE, ndipo usanatsitse jeke uyesenso: FREE lopepuka, LOCK tcha.

Gasiketi yatsopano panalibe. Bamboyo anapempha chikuto cha kope langa, anachiika pa habu, nkumenya m'mbali ndi hamala yaing'ono mpaka chinadulika mooneka ngati gasiketi yeniyeni. Inatumikira mpaka atsibweni atapita ku Lilongwe kukagula yoyenera.

Ngati zafika poti mugule habu ina, nyamulani yakaleyo. Maonekedwe akunja amanamiza. Werengani timizere ta pa nsonga ya shafiti: Land Cruiser ya mtundu wa 70, umene unayamba kupangidwa mu 1984, komanso Hilux zakale za ekiselo yolimba kutsogolo, zimakhala ndi 30, pamene Hilux zina zapambuyo pake zili ndi 26. Ine maganizo anga ndi oti habu yeniyeni yakale, yochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa, bola mano ali bwino, imaposa yatsopano yonyezimira yosadziwika kumene yapangidwa. Chitsulo cha mano chimafunika kuchiumitsa ndi moto mwaluso, ndipo zimenezo maso sangaone mu shopu.

Pali njira zina ziwiri zimene mudzamva. Magalimoto ena anabwera ndi mahabu odziloka okha shafiti ikayamba kuzungulira. Ndi abwino poti sutsika m'matope, koma ambiri amamasuka kwakanthawi galimoto ikasintha kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo munthu wotitimira amachita zomwezo, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo. Nchifukwa chake eni ake ambiri akumidzi amawachotsa nkuika otembenuza ndi dzanja. Njira ina ndi kuika chitsulo chopanda kabatani, chomangirira shafiti ku tayala mpaka kalekale. Pa galimoto imene moyo wake wonse ndi m'munda ndi m'dambo, ndiponso imene usiku imasanduka ambulansi ya mudzi wonse, imeneyi ndi nzeru: palibe chomatirira, palibe choiwala. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuwotcherera habu yakufa. Moto wa welding umafewetsa chitsulo choumitsidwa chija, ndipo tsiku lofuna kusintha mabering'i mudzalira.

Phula ndi Pythagoras

Chimodzi chotsala, chifukwa mahabu ambiri safa ndi dzimbiri koma ndi dalaivala. Watuluka m'matope, wakwera phula la M1 kapena la msewu wa ku Nkhotakota, waiwala kuchotsa H4. Pa galimoto zimenezi palibe difu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, transfer case imaumiriza ma propshaft onse awiri kuzungulira mofanana. Poyenda mowongoka palibe vuto lalikulu. Nanga pokhota?

Jambulani. Galimoto ikukhota mozungulira kadontho kena. Pakati pa ekiselo yakumbuyo pali 4 m kuchokera pa kadonthoko. Kuchokera ku ekiselo yakumbuyo kufika ku yakutsogolo ndi pafupifupi 3 m, ndipo mizere iwiriyi imakumana pa 90°. Ndiye pakati pa ekiselo yakutsogolo pali mamita angati kuchokera pa kadontho? Amene simunagone m'kalasi ya masamu mwaiona kale triangle ya 3, 4, 5. Pozungulira kamodzi, kumbuyo kumayenda 2π kuchulukitsa ndi 4, mamita 25.1, pamene kutsogolo kumayenda mamita 31.4. Tayala la 0.8 m m'mimba mwake limayenda mamita 2.5 likazungulira kamodzi. Choncho akumbuyo akufuna kuzungulira ka 10, akutsogolo ka 12 ndi theka, koma amangiriridwa kuti azungulire mofanana.

M'matope kapena pa mchenga mkanganowu umatha mosavuta, tayala lina limangoterereka pang'ono. Pa phula louma matayala agwira zolimba, ndiye mashafiti amayamba kupotoka ngati nsalu yofinyidwa pochapa. Chiwongolero chimalemera, matayala amalira, giya yaing'ono imakana kutuluka. Mkanganowo ukapitirira, chofooka pa zonse ndicho chimagonja: mano a habu, mabauti ake, kapena CV joint. Giya ikakana chonchi, kubwerera m'mbuyo mamita angapo mowongoka kumamasula kupotokako. Ndipo onetsetsani kusiyana kwake: mahabu pa LOCK giya ili pa H2 palibe choopsa, madalaivala ambiri amayenda choncho dzinja lonse. Choopsa ndi H4 kapena L4 pa nthaka yolimba. Land Rover Defender ilibe timabatani timeneti chifukwa ili ndi difu yachitatu pakati, imene imathetsa mkanganowu, ndipo matayala ake onse anayi amakoka nthawi zonse.

Kunena za atsibweni, sanapepese. Atsibweni sapepesa kwa mphwawo, mukudziwa inunso. Koma Loweruka lotsatira, titafika m'mbali mwa dambo lomwe lija, anati, "Tsika ukaloke. Ndiyendetsa pang'onopang'ono, iwe uziyenda pambali. Ukamva tcha, undiuze." Ndinamva kumanzere, ndinazungulira kutsogolo, tinabwereza, ndinamvanso kumanja. Tinawoloka ndi masamba odzaza bokosi, matope akuuluka kuchokera ku matayala onse anayi.